Sitiroko: mmene mungaipewere, ndi zoti muchite ikagwa pakhomo panu

Malume anga anagwa Loweruka m'mawa ku Chilobwe akutsuka mkamwa panja. Kapu inangopulumuka m'manja, kukamwa kunapindikira mbali imodzi, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera pomwe iwo mowa anasiya kalekale. Pakhomo tinataya maola 6 athunthu, wina akuti apatseni madzi a shuga, wina wathamangira kukaitana abusa, azakhali akuti izi ndi za anthu poti kumudzi kunali mkangano wa munda. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Lero akuyenda ndi ndodo, dzanja lamanja silinabwerere bwinobwino ndipo ukalipentala wawo unathera pompo. Koma chimene chimandipweteka mpaka pano n'choti m'buku lawo la kuchipatala munali mutalembedwa BP ya 170/100 zaka 2 izi zisanachitike, anapatsidwa mapilisi, anamwa mwezi umodzi nkusiya poti amati akumva bwino. Nde zimene ndikulemba apazi ndi zimene ndikanakonda wina akanatiuza ife kale.

Kaye timvetsetse chimene chimachitika m'mutumo

Ubongo umadya kudzera m'magazi, mpweya wabwino ndi shuga zonse zimafika kumeneko ndi mitsempha. Sitiroko imachitika njira ziwiri. Pena magazi amaundana nkutseka mtsempha, mbali ya ubongo imene imadalira mtsemphawo imayamba kufa. Pena mtsempha umaphulika magazi nkutayikira mu ubongo. Yotsekayi ndiye yochuluka padziko lonse koma kuno ku Africa yophulika nayo ndi yambiri kuposa kumaiko a azungu, chifukwa cha BP yokhala zaka osathandizidwa. Ubongo wakumanzere umayendetsa thupi lakumanja, ndipo kwa anthu ambiri ndi komwenso kumachokera kulankhula, n'chifukwa chake malume dzanja lamanja ndi mawu zinapita limodzi.

A World Stroke Organization amati munthu 1 mwa anthu 4 aliwonse opitirira zaka 25 adzadwala sitiroko pa moyo wake. Kwathu kuno kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu 1 mwa akuluakulu 3 anali ndi BP yokwera ndipo ambiri mwa iwo samadziwa n'komwe. Werengani anthu mu minibasi ya Ndirande mawa m'mawa muone kuti ndi angati amenewo. Ndipo sitiroko sigwetsa munthu mmodzi ayi, imagwetsa nyumba yonse. Wodwala wasiya ntchito, gadiyani naye watseka geni yake kumsika kuti azisamala wodwala, fizi ya ana yavuta, lendi yavuta, thiransipoti yopita ku fiziyo, masewero a kuchipatala othandiza ziwalo kuyambanso kugwira ntchito, sabata iliyonse. Kwa ife mwana wawo wamkazi anasiya sukulu chaka chathunthu.

Choyamba, kayezetseni BP, olo mukumva bwino

Apa ndipo pagona nkhani yonse. BP simveka m'thupi. Anthu amati "ine BP yanga ikakwera ndimadziwa, mutu umawawa kumbuyoku", koma zoona zake munthu utha kuyenda ndi 180 ukuseka, kudya bwinobwino, kupita ku mpira ku Kamuzu Stadium osamva kalikonse. Njira yodziwira ndi makina basi.

Pitani ku health centre imene muli nayo pafupi, kaya Zingwangwa, Ndirande, Limbe, Bangwe, Chilomoni kapena South Lunzu, za boma ndi zaulere. Mafamase ambiri m'tauni ndi ku Limbe amayezanso pa kandalama kochepa. Koma yezetsani mwadongosolo, osati mwangotsika kabaza mukupuma wefuwefu nkupereka mkono. Khalani pansi mphindi 5 kaye, msana utatsamira, mapazi onse pansi osapiringiza miyendo, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima. Musakhale mutangosuta kapena kumwa khofi mphindi 30 zapitazo, mukataye madzi kaye ngati akukuvutani, ndipo makina akamapopa musalankhule. Pemphani ayeze kawiri.

Manambala amatuluka awiri. Cha m'ma 120/80 ndi bwino. Ikafika 140/90 kapena kupitirira ndiye yokwera, olo itakwera nambala imodzi yokha mwa ziwirizo. Tsiku limodzi silokwanira kuti munthu akuuzeni kuti muli ndi BP, mubwerenso tsiku lina ayezenso, ndipo onetsetsani kuti alemba m'buku lanu ndi deti lomwe. Ikapitirira 180/120 makamaka mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima kapena pachifuwa pakupweteka, musapite kunyumba, muonane ndi adokotala tsiku lomwelo. Ngati zili bwino muziyezetsabe kamodzi pa chaka, ndipo ngati bambo kapena mayi anu anali ndi BP kapena anafa ziwalo musadikire kuti mufike zaka 40.

Ine ndikuona kuti banja limene lingakwanitse lisonkhe ligule makina amodzi a mabatire aja, akhale kwa munthu mmodzi wodalirika, Lamlungu mukachoka ku tchalitchi aliyense ayezedwe. Timasonkha za ukwati ndi za maliro, izinso tingathe.

Chachiwiri, mapilisi akayamba sasiyidwa

Pano mpamene malume anaphonya ndipo si iwo okha. Mankhwala a BP sali ngati LA woti ukamaliza masiku 3 malungo atha. Sachiritsa, amangoigwira BP kuti ikhale pansi tsiku limenelo, nde mukayeza nkupeza 125/80 ndiye kuti mapilisi akugwira ntchito, sikuti mwachira. Mukasiya imakweranso mwakachetechete.

Amene amaperekedwa kawirikawiri kuno ndi hydrochlorothiazide amene ambiri amangoti HCT, amlodipine, nifedipine ndi enalapril, ndipo anthu ambiri amafunika mitundu iwiri kuti itsike bwino, zimenezo zisakuopseni. Ali ndi zovuta zake inde. HCT amakodzetsa nde imwani m'mawa. Amlodipine ena amawatupitsa mapazi. Enalapril ena amawapatsa kachifuwa kouma kosatha, ndiponso mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga mimba sayenera kumwa ameneyu. Zikakuvutani bwererani mukanene akusinthireni, osangosiya nokha kunyumba. Abambo ena amasiya poti mphamvu za m'banja zachepa ndipo amachita manyazi kunena, chonde nenani, mankhwala alipo amitundu ingapo, komanso BP yosathandizidwa nayo imawononga mphamvu zomwezo.

Mangirirani kumwa mankhwala ku chinthu chimene mumachita tsiku lililonse, kaya tiyi wam'mawa kaya alamu ya pa foni. Mukatenge ena kutatsala sabata kuti athe. Zimachitika kuti mwapita nkupeza mankhwala kulibe, pamenepo pemphani akulembereni dzina ndi mlingo wake mukagule ku famase, musakhale mwezi mukudikira. Musamwe a mnzanu. Ndipo adyo, mandimu, moringa ndi zitsamba za m'mabotolo zogulitsa m'misewu sizilowa m'malo mwa mapilisi. Kupemphera pempherani ndithu, ine ndimapemphera, koma wina akakuuzani kuti tayani mankhwala mwachiritsidwa, kayezetseni kaye sabata ziwiri zotsatizana muone nokha manambala, ndipo mapilisiwo musataye, pitirizani kumwa.

China chimene ambiri sadziwa, brufen ndi diclofenac ukamamwa pafupipafupi amakweza BP ndi kuvulaza impso. Wa BP akamva kupweteka bola panado, ndipo afunse kaye.

Chachitatu, mchere

WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo ndi mchere wonse kuphatikiza umene uli kale m'zakudya. Tsopano taganizani tsiku lathu. M'mawa buledi ndi majarini, masana tchipisi cha pa chiwaya wogulitsa wathira mchere inu mwaonjezeranso wina ndi tsabola, madzulo usipa wouma kapena soya pieces, m'ndiwomo mwalowa mchere ndi kyubu, pa mkeka palinso kambale ka mchere. Tadutsa kale kawiri osazindikira.

Yambani ndi kuchotsa kambale ka mchere pamalo odyera. Kenako wophika azichepetsa pang'onopang'ono, osati kamodzi n'kamodzi anthu angakane ndiwo, pakatha masabata angapo lilime limazolowera ndipo chakudya cha kwa aneba mumayamba kuchimva kuwawa mchere. Makyubu ali ndi mchere wambiri, mukathira kyubu musathirenso mchere. Nsomba zouma zamchere zinyikeni m'madzi nkutaya madziwo musanaphike. Soda amene timathira mu therere ndi nkhwani nayenso ali m'gulu lomwelo la mchere, achepe. Kukoma kufuneni ku tomato, anyezi, adyo, nsinjiro ndi mandimu.

Ndipo zakudya zoteteza sizodula ngati mmene anthu amaganizira, ndi zomwe zija timazinyoza kuti zakumudzi. Bonongwe, chisoso, mpiru, nkhwani, nyemba, nandolo, khobwe, mbatata, nthochi, mapeyala, mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Masamba achuluke m'mbale kuposa mmene tinazolowerera ndipo mitanda ya nsima ichepeko. Mafuta ophikira asamasambe m'ndiwo. Sobo, Fanta ndi masupuni 4 a shuga mu tiyi tsiku lililonse ndi njira yachidule yopita ku kunenepa ndi matenda a shuga, ndipo kunenepa kwa pamimba kumene timakutcha kupeza bwino kuja ndi kumene kuli koopsa kwambiri.

Chachinayi, fodya, mowa, utsi ndi kukhala pansi

Fodya palibe mlingo wabwino, kaya ndudu ya m'sitolo, chingambwe kapena wa m'mphuno wa agogo. Amaumitsa mitsempha ndi kupangitsa magazi kuundana msanga. Mukasiya chiopsezo chimayamba kutsika ndipo pakatha zaka zingapo chimayandikira cha munthu wosasuta. Mowa woopsa kwambiri ndi wa kumapeto kwa mwezi uja, Lachisanu mpaka Lamlungu osapuma, umakweza BP mwadzidzidzi, kachasu ndiye osanena. Utsi wa nkhuni ndi makala m'nyumba yotseka nawonso umaonjezera chiopsezo, mbaula ikhale panja kapena pakhonde.

Za masewero musaganize za jimu. Chofunika ndi mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku 5, kuyenda mwandawala mpaka mupume mwamphamvu koma mukutha kulankhula. Blantyre ndi wa zitunda kale, tsikani siteji imodzi musanafike kwanu, kapena yendani kuchoka ku Ginnery Corner kukafika m'tauni m'malo modikira minibasi. Amene ndimawadera nkhawa ndi a muofesi, madalaivala ndi amayi okhala pa benchi kumsika tsiku lonse.

Chachisanu, matenda ena amene amatsegulira sitiroko njira

Shuga muyezetse limodzi ndi BP. Mtima ukamagunda modumphadumpha mosalongosoka kanene, chifukwa mtima wotere umapanga timagazi toundana timene timathamangira ku ubongo. Mwana wa sickle cell atha kudwala sitiroko ali wamng'ono, asamajombe ku kiliniki. Amayi amene BP inakwera ali oyembekezera aziyezetsabe olo atachira, ndipo mayi wa BP kapena wosuta anene zimenezi posankha njira yolera chifukwa mapilisi ena olera samuyenera.

Za HIV ndinene mosabisa. Kafukufuku amene anachitika pa Queens, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuno, nkutuluka mu 2016 anaonetsa kuti BP ndiyo ikutsogola pobweretsa sitiroko koma kwa achinyamata HIV ili ndi mbali yaikulu, makamaka kwa amene sali pa mankhwala ndi amene angoyamba kumene ma ARV miyezi 6 yoyambirira chitetezo chitatsika kale kwambiri. Tanthauzo lake si loti muope ma ARV ayi, ndi loti muyezetse msanga nkuyamba thupi lisanafooke, osadumphitsa, ndipo tsiku lokatenga mankhwala muzipempha akuyezeni BP.

Chachisanu ndi chimodzi, aliyense pakhomo adziwe zizindikiro, ana omwe

Chinsinsi chake ndi mawu oti mwadzidzidzi. Munthu anali bwinobwino, kenako zasintha. Yang'anani zinthu zitatu. Nkhope: muuzeni amwetulire kapena aonetse mano, muone ngati mbali imodzi yagwa. Mikono: akweze yonse iwiri kutsogolo, muone ngati wina ukutsika wokha kapena ukukanika. Mawu: anene chiganizo chophweka ngati "lero ndi Loweruka", mumve ngati lilime likulemera, akusokoneza mawu kapena sakumva zimene mukunena. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikapezeka nyamukani.

Palinso zina, dzanzi mbali imodzi ya thupi, diso kusiya kuona kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, chizungulire ndi kudzandira, kapena mutu kuwawa mwadzidzidzi koopsa kumene munthu sanakumvepo chibadwire, pena ndi kusanza.

Ndipo pali kamsampha apa. Nthawi zina zizindikirozi zimabwera mphindi 10 kapena 20 nkutha zokha, munthu nkumati kanali kutopa chabe. Imeneyo ndi sitiroko yaing'ono yochenjeza, ndipo yaikulu imakonda kutsatira m'masiku ochepa oyambirirawo. Malume atachira pang'ono anatiuza kuti sabata imeneyo hamala inawagwa m'manja kawiri ku shedi dzanja litachita dzanzi, sanauze aliyense. Zikatha zokha pitanibe kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chiwiri, zoti muchite pompopompo

Yang'anani wotchi muloweze nthawi imene zayamba, ndipo ngati wadzuka nazo kumbukirani nthawi imene munamuona komaliza ali bwino, adokotala akafunsa zimenezo. Mugonekeni chammbali, mutu utakwera pang'ono, kuti malovu kapena masanzi asapite ku mapapo. Masulani kolala ndi lamba. Wina athamange kukasaka galimoto nthawi yomweyo, ya aneba, taxi, olo kuhaya minibasi, za ndalama mukambirana pambuyo. Pa kabaza ayi, munthu wofooka mbali imodzi atha kugwa. Ngati galimoto sifika kwanu monga kumtunda kwa Ndirande kapena Soche, munyamuleni anthu angapo pa bulangete kapena chitseko mpaka pamsewu, osamukoka mkono wofookawo.

Musamupatse chilichonse pakamwa, madzi, phala, tiyi, mapilisi, chilichonse. Sitiroko imasokoneza kumeza, zimene mwamupatsazo zimalowera ku mapapo nkubweretsa chibayo, ndipo chibayo chimapha odwala ambiri amene sitirokoyo akanapulumuka. Aspirin musapereke nokha, ngati mtsempha waphulika muonjezera kutaya magazi, ndipo ndi maso simungasiyanitse mitundu iwiri ija, pamafunika sikani ya mutu. Musamumwetse mapilisi a BP ambiri kuti itsike msanga, kuitsitsa mwadzidzidzi kumaonjezera kuwonongeka kwa ubongo. Kutema mphini, kubaya zala ndi singano monga amanenera mauthenga a pa WhatsApp aja, kuthira madzi ozizira, kufukiza, zonsezi zimangodya nthawi. Akatswiri amati mtsempha waukulu ukatsekeka maselo a ubongo pafupifupi 2 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse.

Abusa aimbireni akupezeni kuchipatala, pemphero limatheka m'galimoto momwemo. Ndipo a m'banja amene akuganiza za kumudzi musakangane nawo pakhomo, auzeni kuti tikambirana tikafika, koma galimoto inyamuke.

Izi ndi zadzidzidzi nde lunjikani ku Queens ku AETC, kolandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi, pokhapokha ngati health centre ndiyo ingakupezereni ambulansi msanga. Tengani buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa, ma ARV omwe, musabise. Pofika nenani mwachindunji kuti "tikuganiza kuti ndi sitiroko, yayamba 7 koloko m'mawa", ndipo apite nawo munthu amene anaona zikuyamba. Akayeza shuga kaye chifukwa shuga ikatsika kwambiri imafanana ndi sitiroko, akayeza BP, akaona ngati akutha kumeza, ndipo akakonza za sikani. Akanena kuti adye kudzera pa kapaipi ka m'mphuno musakane, anthu amakaopa kuti ndi ka munthu wotsala pang'ono kufa pomwe ndi kamene kamateteza mapapo mpaka kumeza kubwerere.

Akatuluka, ntchito ndi ya pakhomo

Miyezi 3 mpaka 6 yoyamba ndi imene thupi limabwerera kwambiri, nde musamusunge m'chipinda ngati dzira. Musanatuluke funsani za fiziyo, ku Queens komweko ilipo, komanso kuli Kachere Rehabilitation Centre kufupi ndi komweko. Gadiyani apemphe amuonetse ndi manja mmene angamudzutsire, kumukhazika ndi kuongola mkono ndi mwendo, chifukwa fiziyo weniweni ndi wa tsiku ndi tsiku kunyumba, wa kuchipatala ndi wongokuongolerani.

Ngati sakutha kudzitembenuza, mutembenuzeni maola 2 aliwonse usiku omwe, muziyang'ana m'chiuno, m'matako ndi zidendene, pakafiira kapena kuda ndiye chilonda chikuyamba. Zofunda zikhale zouma. Podya akhale tsonga, phala lolimbirako pang'ono limamezeka bwino kuposa zamadzimadzi, supuni yaing'ono, osathamanga, ndipo akhalebe tsonga mphindi 30 akamaliza. Akamatsamwa, kukhosomola pakudya kapena kutentha thupi bwererani kuchipatala. Pomudzutsa musakoke mkono wofooka, phewa limaguluka ndipo ululu wake umatenga miyezi, muikireni pilo pansi pa mkonowo akakhala.

Zimene angathe muloleni achite yekha olo zitenge nthawi, kumanga mabatani, kugwira kapu, kusamba kumaso. Ife poyamba timawachitira malume chilichonse chifukwa cha chisoni ndipo a fiziyo anatiletsa. Ngati mawu anapita, musamalankhule za iye ngati palibe, ambiri amamva zonse koma mawu ndi amene akukana kutuluka. Mufunseni mafunso oti ayankhe eya kapena ayi, mudikireni, muziimba naye nyimbo za ku tchalitchi zimene amazidziwa poti ena amatha kuimba pomwe kulankhula kukukanika. Akamalira pafupipafupi, kukana kudya kapena kunena kuti bola kufa, kanene kuchipatala, kukhumudwa kotere kumabwera kwa ambiri pambuyo pa sitiroko ndipo kuli ndi chithandizo. Gadiyani naye muzimulandira, munthu mmodzi sangathe usana ndi usiku miyezi yonseyo, gawanani masiku pabanja.

Amene wadwalapo sitiroko ali pa chiopsezo chachikulu choti ibwerenso, nde mankhwala a BP, ndi aspirin kapena a mafuta a m'magazi ngati adokotala alemba, ndi a moyo wonse. Kwa malume tinagula kope la 40 pages, mwana wawo amalembamo deti, BP ya m'mawa ndi chizindikiro choti mapilisi amwedwa, ndipo kopelo limapita nawo ku kiliniki limodzi ndi buku la kuchipatala. Tsiku lowaperekeza amene wawaperekezayo nayenso amapereka mkono ayezedwe, ndipo mwa njira imeneyi tapeza kale anthu awiri m'banja mwathu amene BP yawo inali pamwamba pa 150 osadziwa, mmodzi ali ndi zaka 34.